MANGAWA A MUNTHU WOKHUTA

Mwana akalandira kanthu kwa mkulu amaphunzitsidwa kulandira ndi manja awiri ndi kunena kuti zikomo. Cifukwa ca mwambo umenewu ambiri ayesa kuti kuyamika nkwapafupi, ndi kuti munthu akachula liu limodzi lija watsiriza zonse zofunika. Koma nkhani yace njozama koposa pamenepo. Kodi munthu amene wadya nakhuta ali ndi mangawa kwa yani? Kodi mangawa otere alipidwa ndi pakamwa pokha? Ndipo ngati dzanja limene linampatsa cakudya iye analibwezera coipa, kodi kuyamika kwace kungakhale koona? Mafunso awa aoneka bwino munthu akayang'ana mwambo wa anthu a ku United States, m'dziko la America, amene anapatula tsiku lathunthu caka ndi caka kuti likhale la kuyamika.

Gome la pa Lacinai

Tsikulo alicha Thanksgiving, ndiko kunena kuti kupereka mayamiko. Limagwa pa Lacinai limene lidza kacinai m'mwezi wa Novembala. Pa nyengo imeneyo alimi a ku Zambia ndi ku Malawi ali kalikiliki kubzala ndi mvula yoyamba, koma ku America zokolola zalowa kale m'nkhokwe, masamba a mitengo afiira nayoyoka, ndipo cisanu cayamba kuluma. Masukulu, mabanki ndi maofesi a boma atsekedwa. Miseu, masitima ndi ndege zidzala ndi apaulendo, pakuti mwambo ufuna kuti ana amene anapita kutali kukagwira nchito kapena kukaphunzira abwerere ku nyumba ya makolo ao. Palibe kupatsana mphatso monga pa Krisimasi. Cacikulu ca tsikulo ndi cakudya cimodzi cimene banja lonse lidyera pamodzi.

Pakati pa gome aikapo nkhukundembo yathunthu, yoocha mu uvuni kwa maora angapo kufikira khungu lace litapsa bwino. Mbalameyi njaikulu, yolemera ngati nkhuku zinai kapena zisanu. M'mimba mwace alongamo nyenyeswa za buledi zosanganiza ndi anyezi, batala ndi masamba onunkhira, koma a m'zigawo za kumwera akonda buledi wa ufa wa cimanga. Mafuta amene atsika poocha asanduka msuzi wothira pa mbatata ya kacewere yophwanya ndi mkaka. Pambali pali zitheba, mbatata ya kholowa, cimanga, ndi tizipatso tofiira towawasa, dzina lace cranberry, tomera m'madambo a kumpoto, timene aphika ndi shuga kufikira titalimba ngati phala. Potsiriza padza citumbuwa ca dzungu: dzungu lophika aliphwanya, nalisanganiza ndi mazira, mkaka, shuga ndi zonunkhiritsa, naliocha m'kambale koumba ndi ufa wa tirigu.

Banja liri lonse liri ndi mbale yaceyace imene isiyanitsa gome lao ndi la anansi. Mabanja ambiri a anthu akuda, adzukulu a akapolo a kale, aonjezapo makaroni oocha ndi chizi, ndiwo zamasamba zophika nthawi yaitali pamodzi ndi nyama yofutsa, ndi citumbuwa ca mbatata m'malo mwa dzungu. Ocokera ku Mexico aonjezapo ufa wa cimanga wophika m'makoko ace. M'nyumba zambiri muli tizipepala takale, tothimbirira ndi mafuta, pamene gogo wina amene anamwalira analembapo ndi dzanja lace kaphikidwe ka cakudya cakuti. Mdzukulu atsata malembawo osasintha kanthu, ndipo pfungo likadzala m'nyumba onse akumbuka mwini wace.

Asanayambe kudya, mabanja opembedza apemphera. M'nyumba zambiri mulinso mwambo wakuti yense wokhala pa gome, kuyambira nkhalamba kufikira kamwana, achule cinthu cimodzi cimene ayamika m'caka cimeneco. Wina achula kucira kwace, wina nchito imene wapeza, wina khanda lobadwa kumene. Pamenepo mwini nyumba aceka nyama nagawira onse. Ana alimbirana kapfupa kamphanda ka pa cifuwa ca mbalameyo. Awiri akakoka kuti kathyoke, ndipo wotsala ndi mbali yaikulu ati mwai ngwace. Ena aonera cionetsero ca m'miseu ya New York cimene sitolo ya Macy's inayamba m'caka ca 1924, ena aonera mpira wa kumeneko, umene a mzinda wa Detroit anayamba kusewera pa tsikuli m'caka ca 1934. Nyama yotsala idyedwa ngati mkute kwa masiku angapo.

Phwando la anthu ofedwa

Munthu woona gome lodzala cotere angayese kuti kuyamika kubadwa m'kukhuta, ndi kuti olemera ndiwo ali ndi cifukwa ca kuyamika. Mbiri ya tsikuli inena zina. M'caka ca 1620 ngalawa ina, dzina lace Mayflower, inacoka ku England ndi apaulendo 102. Ena anali anthu opatuka ku mpingo wa boma, ofuna malo opembedzerako mwa ufulu. Ena anangofuna dziko loyambirako moyo watsopano. Atakhala pa nyanja masiku 66 anafika ku gombe la dera limene lero liri Massachusetts, ndipo m'Disembala, cisanu citakula, anayamba kumanga mudzi wao wa Plymouth. Nyumba zinali zosakwanira, cakudya cinali cocepa, ndipo nthenda inawagwera. Panali masiku ena pamene anthu 6 kapena 7 okha ndiwo anali ndi mphamvu ya kutema nkhuni, kuphika ndi kusamala odwala. Pofika nyengo yobzala theka la iwo linali m'manda. Mwa akazi okwatiwa 18 amene anakwera ngalawa, anai okha ndiwo anaona zokolola zoyamba.

Otsalawo, anthu ngati 50, atakolola m'caka ca 1621 anacita phwando la masiku atatu. Za phwandoli zidziwika cifukwa ca kalata imene mmodzi wa iwo, Edward Winslow, analembera bwenzi lace ku England m'Disembala wa caka comweco. Iye asimba kuti amuna anai anatumidwa kukasaka mbalame, nabwera nazo zambiri. Ndi kuti eni dziko, a mtundu wa Wampanoag, anadza amuna ngati 90 pamodzi ndi mfumu yao, napha nswala zisanu, nazipereka kwa alendowo. Mbatata ya kacewere ndi zitumbuwa za masiku ano panalibe. Winslow mwini anali ataika mkazi wace m'manda m'caka comweco, nakwatira mkazi wamasiye amene mwamuna wace anafa m'cisanu comwe cija. Zinali zowerengeka nyumba zimene maliro sanalowemo.

Phwandolo silinakhale mwambo wa caka ndi caka pomwepo ai. Midzi ndi zigawo zinali kulengeza masiku a mayamiko pa nthawi zosiyanasiyana, ndipo George Washington, Prezidenti woyamba, analengeza limodzi m'caka ca 1789. Amene analimbikira kuti dziko lonse likhale ndi tsiku limodzi caka ciri conse ndiye mai wina, Sarah Josepha Hale, mkonzi wa magazini ya akazi, amene mwamuna wace anamwalira namsiyira ana asanu. Iye analemba za nkhaniyi m'magazini yace ndi m'makalata opita kwa akulu a boma kwa zaka 17, kufikira Prezidenti Abraham Lincoln anabvomera pa 3 Okutobala 1863. Nthawi imeneyo dzikolo linali pakati pa nkhondo ya paciweniweni, ya pa mlandu wa ukapolo, imene inayamba m'1861, nitha m'1865, itapha anthu oposa 600,000. Panali patangopita miyezi itatu cicitikire nkhondo yoopsa ya ku Gettysburg, ndipo Lincoln mwini anali atafedwa mwana wace wamwamuna m'caka ca 1862. M'cilengezo cace sanabise cisoni. Anapempha anthu kuti poyamika alapenso zolakwa za mtundu wao, ndi kuti akumbuke akazi amasiye, ana amasiye ndi onse olira.

Pamenepa pali phunziro loyamba. Kawiri konse, m'1621 ndi m'1863, anthu anayamika ali pakati pa manda atsopano. Munthu amene sanagonepo ndi njala ayesa cakudya ngati dzuwa, limene lituluka m'mawa popanda wina kulipempha. Sayamika cifukwa saganiza kuti tsiku lina cingasowe. Koma amene anasuzumira m'nkhokwe napeza mulibe kanthu adziwa mtengo wa lipande limodzi la mphale. Kuyamika ndiko kudziwa kuti cimene munthu ali naco anacita kulandira, ndi kuti cikadatha kumlambalala. Cifukwa cace wosauka angathe kuyamika koposa wolemera, ndipo wolemera ayenera kudzikumbutsa dala. Akulu anati, ukakwera pamsana pa njobvu usamati pansi palibe mame.

Dzanja limene linapatsa

Ngati munthu analandira, ndiye kuti alipo amene anapatsa. Cimanga cimene a ku Plymouth anakolola sicinacokere ku England, ndipo mbeu zimene anacokera nazo kwao sizinacite bwino, zina sizinayenere ndi kukolola komwe. Atangofika ku gombe la Cape Cod, ali kuyendayenda, anapeza cimanga cokwiriridwa pansi m'madengu, cimene eni dziko anasunga. Anacifukula nacitenga kuti cikhale mbeu yao, ndipo analipira patapita miyezi. Malo amene anamangapo mudzi anali olimidwa kale, pakuti panali mudzi wa Patuxet, umene anthu ace anatha ndi mliri wodza ndi ngalawa za Azungu pakati pa 1616 ndi 1619. Munthu mmodzi wa m'mudziwo, Tisquantum, amene mabuku ambiri amcha Squanto, anapulumuka cifukwa sanali kwao. M'caka ca 1614 mwini ngalawa wina wa Cingelezi anamuba pamodzi ndi anzace, nanka nao ku Spain kuti akawagulitse ukapolo. Pambuyo pace anafika ku London, naphunzira Cingelezi, ndipo pobwerera kwao m'1619 anapeza mabwinja okhaokha. Munthu ameneyu, amene anali ndi cifukwa cokwanira ca kudana ndi Mngelezi ali yense, ndiye anaonetsa alendowo kabzalidwe ka cimanga pa nthumbira, ndi kukwirira nsomba pansi kuti zikhale manyowa. Nakhala womasulira wao kufikira imfa yace m'1622.

Mfumu yaikulu ya Wampanoag, Ousamequin, imene idziwika ndi dzina la ufumu lakuti Massasoit, inapangana nao mtendere m'caka ca 1621, pamene alendowo anali ocepa ndi ofooka. Mbadwo woyamba sunaiwale msanga cifundo cimeneci. M'1623 mfumuyo itadwala mwakayakaya, Winslow anayenda ulendo wa pansi kukaisamala kufikira itacira, ndipo mtendere unakhala zaka zoposa 50.

Koma mwambi uti mlendo ndi mame, ndipo alendo awa sanakamuke. Kuyambira 1630 ngalawa zinadza ndi anthu zikwizikwi. Dziko linanka licoka m'manja mwa eni ace, lina mwa kugula, lina mwa ngongole ndi milandu yoweruzidwa m'mabwalo a alendo omwewo. Ndipo ng'ombe ndi nkhumba za Angelezi zinali kudya minda ya anthu amene anawapatsa mbeu. M'1675 nkhondo inabuka. Wotsogolera eni dziko anali Metacom, mwana wa Ousamequin. Bwanamkubwa wa Plymouth anali Josiah Winslow, mwana wa Edward Winslow. Ana a anthu awiri amene anadyera pamodzi, amene wina anadwazika mnzace, anaimirana ndi mfuti. Midzi inatenthedwa mbali zonse ziwiri, ndipo anthu zikwi anafa. Metacom anaphedwa m'Ogasiti 1676. Mutu wace unapacikidwa pa mtengo ku Plymouth, nukhala pomwepo zaka zambiri. Mwana wace wamng'ono, mdzukulu wa mfumu ija imene inadza ndi nswala zisanu, anagulitsidwa ukapolo ku tsidya la nyanja. Ndipo a ku Plymouth anacita tsiku la mayamiko cifukwa ca kupambanako.

Phunziro laciwiri ndi lowawa. Anthu aja sanali osapembedza; anayamika Mulungu kawirikawiri, ndi mtima wonse. Bwanamkubwa wao wa masiku oyamba, William Bradford, polemba mbiri ya mudziwo anaona Tisquantum ngati cida cimene Mulungu anawatumizira. Maganizo amenewa ali ndi ulemu wace, koma alinso ndi msampha, pakuti cida sacithokoza, ndipo khasu likatha amalitaya. Kuyamika Mulungu yekha nkosabvuta kwa munthu wouma mtima, popeza Mulungu sadza kudzapempha munda, ndipo safuna malo pa gome. Kuyamika munthu kuli ndi mtengo wace, cifukwa wopatsayo ali ndi ana amene mawa adzamva njala. Woyamika kumwamba molumpha dzanja limene linapereka afanana ndi mwana wothokoza mvula pa nsima imene amace anasinja, napeta, naphika. Mwini mvula ayenera kuyamikidwa ndithu, koma mwana wotere sanatsirize kuyamika kwace.

M'zaka za m'ma 1800 nkhani ya phwando la 1621 inalumikizidwa ku tsiku la Thanksgiving, ndipo pambuyo pace ana a sukulu anayamba kuisewera atabvala zipewa ndi nthenga za mapepala. Sewerolo linali kuthera pa kudya, osafika kwa Metacom. M'caka ca 1970, pokumbukira kuti papita zaka 350 cifikire Mayflower, akulu anaitana munthu wa mtundu wa Wampanoag, Wamsutta Frank James, kuti adzalankhule pa phwando. Atawerenga mau amene anakonza, anampempha kuti alankhule ena ofewa, koma iye anakana. Pa tsiku la Thanksgiving anakaima pa citunda ca Cole's Hill ku Plymouth, pafupi ndi cifanizo ca Massasoit, nalankhula pamenepo. Kuyambira caka cimeneco eni dziko ndi abwenzi ao asonkhana pa citundaco caka ciri conse, nalicha tsikulo Tsiku la Kulira.

Zimene otsutsa anena

Wina angatsutse kuti Ousamequin sanathandize alendo cifukwa ca cifundo cokha. Anthu ace anali atacepa ndi mliri, pamene anansi ao a mtundu wa Narragansett anali amphamvu, ndipo mfumuyo inafuna abwenzi okhala ndi mfuti. Tsono, ati wotsutsayo, kumeneku kunali kusinthana, ndipo pa malonda palibe mangawa a ciyamiko. Mbali yoyamba ya mauwa njoona, koma mathero ace ngolakwa. Ziri zocepa mphatso zimene mwini wace sayembekezapo kanthu, ndipo akulu anadziwa ici ponena kuti kupatsa nkuika. Kholo lolera mwana liyembekeza kudzasungidwa pa ukalamba, koma mwanayo sanganene kuti alibe mangawa cifukwa kholo lace linali ndi ciyembekezo. Ndiponso ngati linali pangano, mlandu ukula m'malo mwa kucepa, pakuti kuiwala mphatso ndi kusayamika, koma kuswa pangano ndi cinyengo.

Wina angati, nanga anthu a lero alakwanji? Ambiri amene akhala pa gome la nkhukundembo si adzukulu a Mayflower. Makolo a ena anadza m'unyolo kucokera ku Africa, a ena anathawa njala ku Ireland, a ena anafika dzana kucokera ku China kapena ku Mexico. Kutsutsa uku kuli ndi mphamvu, ndipo kuyankha kwace kufuna kusiyanitsa zinthu ziwiri, mlandu ndi mangawa. Mlandu ngwa amene anacita coipa, ndipo upita naye kumanda. Mangawa atsata cuma. Munthu wolowa m'malo mwa malume ace alandira minda ndi ng'ombe, alandiranso ngongole zace, ngakhale sanali pomwepo pokongola. Palibe afuna kuti mwana wa lero adye ndi manyazi. Cofunika ncakuti adziwe eni ace oyamba a nthaka imene imdyetsa, ndi kuti adzukulu ao akadandaula za malo ao asawatsekere khutu. Pakuti a Wampanoag sanathe. Akali ku Mashpee ndi ku Aquinnah, ndipo kuyambira 1993 akhala ali kuutsa cinenero cao, cimene cinaleka kulankhulidwa kwa mibadwo ingapo, pogwiritsa nchito makalata akale ndi Baibulo losindikizidwa m'cinenero cimeneco m'1663.

Wacitatu angapite mbali inayo, nati, ngati mbiri yace iri yotere, phwandolo lilekeke. Komatu mankhwala a kuyamika kopereweza si kuleka kuyamika. Mai wokalamba amene waima pa moto masiku awiri, ndi mwana amene wayenda usiku wonse kuti adzadye ndi makolo ace, sali kunama. Abale ena akangana pa gome lomwelo za ndale ndi za milandu yakale, koma caka camawa abweranso, popeza cibale ndi pfupa, siciola. Mtundu umene uleka kuyamika sukhala wolungama cifukwa ca kulekako. Ungoyamba kuganiza kuti zonse unazipeza wokha. Ndipo kuyamika sikunadze ndi ngalawa, pakuti a Wampanoag anali ndi masiku ao a mayamiko Angelezi asanafike, ndipo a ku Aquinnah akali kusunga tsiku la kuchera tizipatso ta cranberry m'mwezi wa Okutobala. Lincoln anaika kulapa ndi kuyamika m'cilengezo cimodzi. Momwemonso Tsiku la Kulira ndi tsiku la phwando zingathe kukhala pamodzi, ndipo phwando likhala loona koposa pamene kulirako kwamveka.

Kalipiridwe kace

Kuyamika kuli ndi mdani wina woposa kuiwala, ndiye cilakolako. M'caka ca 1939 Lacinai lotsiriza la Novembala linagwa pa 30, ndipo amalonda anadandaula kuti masiku ogulitsa zinthu za Krisimasi adzacepa. Prezidenti Franklin Roosevelt anawamvera, nabweza tsikulo m'mbuyo ndi sabata limodzi. Zigawo zina zinamtsata, zina zinakana, kufikira Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'1941 tsiku limene lisungidwa lero. M'mawa mwace mwa phwando, pa Lacisanu limene alicha Black Friday, masitolo atsitsa mitengo, ndipo zakhala zikuoneka kuti anthu amene dzulo ananena kuti ali ndi zokwanira aima pa mzere mbanda kuca, nakankhana pa khomo la sitolo. Kugula sikulakwa, koma mtima sungathe kuwerenga zimene uli nazo ndi zimene ukhumba nthawi imodzi, ndipo kawirikawiri kuwerenga kwaciwiri kufafaniza koyamba.

Tsono mangawa a munthu wokhuta alipidwa bwanji? Njira yoyamba ndiyo kuchula maina a opatsa, ndi a ang'ono omwe. Kalata ya Winslow ichula osaka ndi mfumu, koma sichula amene anaphikira anthu ngati 140 kwa masiku atatu, m'mudzi umene munatsala akazi okwatiwa anai okha. Lero lomwe, m'nyumba zambiri akazi ndiwo alawira ku moto natsirizira ku zotsuka, pamene amuna ali kuonera mpira. Mwamuna wonena mau okoma pa gome nasiya mbale ziri mbwee walipira ndi ndalama yosagula kanthu. Njira yaciwiri ndiyo kubwezera wopatsayo kapena ana ace, monga anacita Winslow wamkulu pokadwazika mfumu, cimene mbadwo wa mwana wace unalephera. Njira yacitatu, pamene wopatsa safikirika, ndiyo kupatsa wina. Apa mwambo wa ku America uli ndi mbali yokongola. Pa tsikuli mipingo ndi mabungwe aphikira anthu osowa pokhala, ndipo ambiri asiya nyumba zao kwa maora angapo kukapakula. Mabanja aitana mnansi wokhala yekha, kapena wophunzira wocokera ku dziko lakutali amene alibe kopita. Mpando umodzi woonjezera pa gome ndiwo ufanana koposa ndi cimene a Wampanoag anacita m'1621.

Njira yacitatuyi ikhudza ndi anthu omwe amene sanaonepo nkhukundembo. Cimanga, maungu, mbatata, nyemba, mtedza ndi cinangwa zonse zinayamba kulimidwa ndi eni dziko a ku America. Alimi a kumwera kwa Mexico ndiwo anasandutsa udzu wa kuthengo kukhala cimanga, zaka ngati 9,000 zapitazo, posankha mbeu mbadwo ndi mbadwo. Ndipo ngalawa za Apwitikizi zinafika naco ku magombe a Africa caka ca 1500 citapita, pamene makolo a kuno anali kudalira mapira ndi mawere. Cotero wodya nsima ali yense ali ndi mangawa kwa alimi amene maina ao sanalembedwe, ndipo sangawalipire koma mwa kusakaniza mbeu mnzace wosowa.

Koma mangawa ambiri ali ndi eni ace amene akali moyo, ndipo khomo lao lidziwika. Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu napeza nchito m'tauni afanana ndi anthu a ku Plymouth pa zokolola zao zoyamba. Anagwira nchito molimbika, ndipo ayenera kukondwera. Koma mbeu sinali yace. Alipo amene anagulitsa mbuzi kuti fizi ilipidwe, alipo mlongo amene anatsala ku munda kuti iye apite, alipo mphunzitsi amene anamsunga m'nyumba mwace pa nyengo ya mayeso. Kunena zikomo pa tsiku lolandira setifiketi nkwabwino, monga phwando la masiku atatu lija linali labwino. Koma mbiri ya Plymouth ionetsa kuti kuyamika kuyesedwa patapita zaka, pamene wothandizidwa wakhala wamphamvu, wothandiza nakhala wofooka, ndipo mwana wa wothandizayo aima pa khomo ndi pempho lace. Cimene wokhutayo adzacita pa tsiku limenelo ndico cidzaonetsa ngati zikomo wace woyamba uja anali woona.